Makobili a Ana Athu Akuthera Kuti? Mbiri ya Nyumba za Magemu

Mawu amene anayankhula mnzathu wina, mlimi wa mbali ya Domwe, pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi

 Ndapatsidwa mpata woti ndiyankhulepo pa nkhani imene tinagwirizana mwezi watha, ija ya tinyumba ta magemu tomwe tachuluka m'misika mwathumu. Ndikaphonya mundikhululukire, ine sukulu ndinalekeza kalasi 5, ntchito yanga ndi khasu, mbatata ndi chimanga. Koma paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye nditapatsidwa mutuwu ndinapita kwa mphwanga amene akuphunzira za ulimi ku Ulongwe. Tinakhala madzulo atatu, iye akuwerenga pa foni, ine ndikufunsa ndi kulemba m'kope la mwana wanga. Zimene ndinamva kumeneko, ndi zimene ndaona ndi maso angawa, ndi zomwe ndabwera nazo lero.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuti wina asaganize kuti ndabwera kudzaloza ana a eni ake chala.

Ine ndinabadwa mu 1989 tsidya la Dedza, makolo anga atathawa nkhondo monga anathawira ambiri a inu. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife n'kubwerera kuno mu 1994. Tinapeza mudzi uli thengo lokhalokha. Masewera athu nthawi imeneyo anali mpira wachikulunga, galimoto zamawaya ndi nguli, atsikana ali pa phada ndi fulaye, madala ali pa bawo pansi pa mtengo. Cha m'ma 2000 m'pamene pamsika wathu panamangidwa kanyumba kotchinga ndi mphasa ndi masaka, kunja jenereta ikulira, mkati muli TV ndi mabenchi. Imeneyo inali vidiyo sho. Tinaonera Rambo, Van Damme ndi Jet Li mpaka maso kufiira. Kenaka mwini wake anabwera ndi kabokosi kena kolumikiza ku TV komweko, kolowetsa makaseti achikasu, ndipo ndi mmene tinamudziwira Super Mario, kamunthu ka ndevu kodumphadumpha kaja.

Ndalama ndinkaitenga kuti? Ndinkatapa mazira a nkhuku za amayi n'kukagulitsa kwa ophika tiyi pamsika. Amayi ankati ndi galu, ndipo galu wathu anadya ndodo chaka chonse popanda mlandu. Mukuseka, koma ndi zoona. Choncho ndikamanena za ana a lero, dziwani kuti amene akuyankhulayu ndi wakuba mazira.

Tsopano tiyeni tione kumene zinthuzi zinachokera.

Zinayambira ku America. Magemu a pa TV asanabwere kunali makina a kampira kachitsulo otchedwa pinball, oponyamo kobili. Akuluakulu a mzinda wa New York anawaletsa mu 1942, ati ndi njuga yodyera ana ndalama, ndipo apolisi ankawaphwanya ndi nyundo. Chiletsocho chinakhala mpaka 1976, pamene munthu wina dzina lake Roger Sharpe anasewera pamaso pa akuluakulu a mzindawo, kuwaonetsa kuti kampirako amakayendetsa ndi luso la manja, osati mwayi. Mfundo imeneyi muisunge, ya luso ndi mwayi, chifukwa ndibwereranso kwa iyo.

Mu 1972 kampani ya Atari, imene anayambitsa Nolan Bushnell ndi mnzake, inapanga gemu yotchedwa Pong. Inali yosavuta: timizere tiwiri, kena uku kena uko, n'kadontho koyera kamene anthu awiri amabwezerana. Amene anailumikiza ndi Allan Alcorn. Bokosi loyamba analiika m'bala ina ku Sunnyvale, m'chigawo cha California, kuti aone ngati anthu angalikonde. Patangopita masiku ochepa mwini bala anaimba foni kuti makina anu afa. Alcorn atapita kukatsegula, anapeza kuti palibe chafa, koma chotengera makobili chadzaza mpaka kutseka njira. Amalonda atamva zimenezo anadziwa kuti apa pali munda wosafuna feteleza.

Nthawi yomweyo ku America kunkamangidwa nyumba zikuluzikulu za masitolo, zimene amazitcha mall. Tiyerekeze msika wonse wa Ulongwe, kapena wa Lizulu pamalire paja, mutauika pansi pa denga limodzi, pansi pali simenti yowala, magetsi usana ndi usiku. Makolo akalowa kukagula zinthu, ana amasowa chochita. Ndiye anthu ochenjera anachita lendi zipinda m'menemo n'kudzazamo makina a magemu. Chipinda chotero amati arcade. Munthu wina, Tico Bonomo, anatsegula chake chotchedwa Time-Out mu 1970 m'chigawo cha New York, ndipo kampani ina yotchedwa Aladdin's Castle inafika pokhala ndi zipinda mazanamazana m'dziko lonselo. Eni masitolo poyamba ankakana, ati zipindazi zibweretsa anyamata osokoneza. Kuti aloledwe, eni magemu anaika woyang'anira pakhomo, analetsa fodya ndi zakudya mkati, ndipo ena ankabweza ana a sukulu nthawi ya maphunziro. Mwamva? Malamulo amenewa anaikidwa ndi eni bizinesi okha, pofuna kuti asathamangitsidwe.

Moto weniweni unachokera ku Japan. Mu 1978 kampani ya Taito inatulutsa Space Invaders, yopangidwa ndi Tomohiro Nishikado, yowombera tizilombo totsika kumwamba. Ukamatipha, totsalato timathamanga kwambiri, mtima nawo n'kumagunda. Mu 1980 kampani ya Namco inatulutsa Pac-Man ya Toru Iwatani, kamutu kachikasu kodya timadontho kakuthamangitsidwa ndi mizukwa inayi. Mu 1981 Nintendo inatulutsa Donkey Kong, ndipo m'menemo ndi mmene munayambira kamunthu kaja kanadzatchedwa Mario, kamene kanandibetsa mazira ine patapita zaka 20. Ku America gemu imodzi inali masenti 25, ku Japan 100 yen. Taganizani, zaka zomwezo ife kuno tinkagona m'mapiri kuthawa mfuti zenizeni, anzathu akulipira ndalama kuti awombere mfuti za pagalasi. Dziko ndi lalikulu ndithu.

Pali chinthu chimene mphwanga anandifotokozera chimene chinanditsegula m'maso. Makina aja sanapangidwe kuti munthu asewere tsiku lonse ndi kobili limodzi ayi. Anawakonza dala kuti poyamba zikhale zofewa, kenaka zilimbe msanga, kuti pakatha mphindi zochepa ufe, uponyenso lina. Amakupatsa miyoyo itatu. Ukafa umaona ngati unangotsala pang'ono, ndiye umati ndiyesenso kamodzi kokha. Anaikanso mndandanda wa akatswiri pagalasi, wopambana n'kulembapo zilembo zitatu za dzina lake kuti aliyense aone. Mnyamata akapeza kuti wina wamuchotsa pamwamba, tulo sabwera mpaka akabwezere. Si ufiti, ndi nzeru za malonda. Wogulitsa usipa naye amakulawitsa kamodzi kuti ugule mulu.

Makolo a kumeneko nawo anadandaula monga tikudandaulira ifemu: ana akuthawa sukulu, ndalama zikusowa m'nyumba. Tauni ya Mesquite ku Texas inaika lamulo loti mwana wosakwana zaka 17 asasewere popanda kholo, ndipo mlandu wake ndi kampani ya Aladdin's Castle unakafika ku khothi lalikulu la dziko lonse mu 1982. Tauni ina, Marshfield, inaletseratu makina onse chaka chomwecho cha 1982, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2014, patapita zaka 32. Koma funso n'lakuti, kodi ana a ku Marshfield analeka kusewera? Ayi. Magemu anawapeza m'nyumba zawo zomwe.

Pakuti chimene chinagwetsa zipinda zija si lamulo. Ndi timabokosi tosewerera kunyumba. Nintendo inafika ku America ndi kake mu 1985. Zipinda zinadzukanso pang'ono mu 1991 itabwera Street Fighter II, ya anthu awiri omenyana, wogonja n'kuponyanso kobili pamene wopambana akhala pompo, ndi Mortal Kombat mu 1992, imene magazi ake anachititsa aphungu a ku America kuitanitsa msonkhano mu 1993. Koma Sony itatulutsa PlayStation mu 1994, ndi PlayStation 2 mu 2000, mwana analibenso chifukwa chopitira ku sitolo, popeza gemu ya kunyumba inafanana ndi ya kumsika. Zipinda zambiri zinatsekedwa. Zotsala zinasintha maonekedwe.

Zotsalazo ndinaziona ndi maso. Mu 2013 ndinapita ku Johannesburg kukasaka maganyu, ndinakhalako miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina Lamulungu mlamu wanga ananditengera mu mall ina. Pamwamba pake panali chipinda cha phokoso, magetsi akuthwanima ngati mphezi. Makobili kunalibe, umagula khadi n'kuikamo ndalama. Makina ambiri sanali a nkhondo kapena mpira, anali otulutsa timapepala. Mwana akasewera, timapepala timatuluka, akatisonkhanitsa amakasinthitsa ndi chidole kapena switi pa kauntala. Ndinaima n'kuwerengera mumtima: bambo wina anawononga ndalama yoti akadagula zidole zisanu, mwana wake n'kutuluka ndi kamodzi. Ndinati aaa, apa gemu yayamba kuyenda ndi njuga njira imodzi.

Tsopano tibwere kwathu. Ife mall tilibe, mall yathu ndi msika. Koma nzeru yake ndi yomweyo: pamene pasonkhana anthu ndi ndalama, wa magemu amafika. Tsiku la msika mayi ali kalikiliki kugulitsa kabichi, bambo akukangana mtengo wa thumba la mbatata ndi ogula ochokera ku Tete ndi ku Beira, mwana wapatsidwa kobili kuti asavute. Ma PlayStation amene anzathu akunja anatopa nawo ndi amene anafika kuno, kudzera ku Joni ndi pa Kalomwe. Kumene magetsi sanafike, sola ndi batire zikugwira ntchito. Mulowe m'kanyumba kalikonse mupeza anyamata awiri agwira zowongolera, khumi aimirira kumbuyo akukuwa, Barcelona ikumenyana ndi Real Madrid pakati pa Angonia.

Zikadathera pamenepo sindikadadandaula kwambiri. Koma m'tinyumba tina, pakona, mwaikidwa bokosi lina la magetsi amitundumitundu, lija timalitcha bonanza. Ndiponso kuyambira pamene mafoni anafalikira m'midzi, makamaka Movitel itayamba mu 2012, ndi ndalama n'kuyamba kuyenda pa foni, kwabwera kubetcha kwa mpira ndi kandege kaja kouluka n'kugwa. Apa ndi pamene ndikubwerera ku mfundo ija ya luso ndi mwayi. Pa gemu ya mpira ukulipira nthawi, monga umalipirira kuonera kanema. Ukudziwa kuti ndalama yapita, sudikira kuti ibwerere, ndipo ukamasewera kawirikawiri umakhoza. Pa bonanza ndi pa kandege palibe kukhoza. Ungasewere zaka khumi, makina anakonzedwa kale kuti zimene amameza zichuluke kuposa zimene amalavula. Akadakhala olavula zambiri, mwini wake akadawaikiranji? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndikuuzeni zimene zinachitika m'nyumba mwanga chaka chathachi. Tinasunga ndalama m'chitini yolipira aganyu opalira chimanga. Tsiku lolipira litafika, mayi a kunyumba anatsegula chitini n'kupeza mwaperewera 400 metikali. Tinafufuza, ndipo mwana wathu woyamba, wa zaka 12, anagwetsa nkhope. Ndinathyola kamtengo, koma ndinati ndisanamukwapule ndikaone kaye amene wadya ndalama yanga. Ndinamugwira dzanja mpaka kumsika, mtima uli phuphuphu.

Mwini kanyumbako ndinapeza kuti ndi mnyamata amene ndimamudziwa, anamaliza kalasi 12 koma ntchito sanaipeze, ndipo ndi kanyumba kameneko akudyetsa amayi ake amasiye. Anandilandira mwaulemu. Anati, "Bambo, mwana wanuyu pa mpira amasewera kamodzi kapena kawiri basi, ndipo nthawi zambiri salipira chifukwa amapambana. Ndalama yake yathera apo." Analoza bokosi la pakona. Anati bokosilo si lake, eni ake amabwera ndi njinga yamoto kudzatsegula ndi kiyi wawo, iye amangopatsidwa kagawo. Ndinamufunsa mwana wanga chifukwa chake. Anati, "Ababa, tsiku loyamba ndinaponya 5 inatuluka 50. Kenaka inadyedwa. Ndimafuna ndibweze ya m'chitini musanaone." Mwamva mmene msampha umagwirira? Sanabe kachiwiri chifukwa chokonda gemu, anaba pofuna kukwirira dzenje loyamba.

Titafika kunyumba ndinayamba kulalata. Mayi a kunyumba anandisiya ndimalize, kenaka anati, "Bambo, musanamenye mwanayo, tatsegulani foni yanu tione ndalama ya mbatata ija munati ogula sanamalize kulipira." Abale anga, ndinakhala chete ngati ndamwa phala lamoto. Ndalama imeneyo inapita ndi kandege, usiku, ine ndili chigonere pamphasa, ndipo inali yoposa ya mwanayo kangapo. Amayi anga ondibala, amene anali pakhonde akusenda nyemba, anangoti, "Nanga mazira anga aja?" Kani ankadziwa zaka zonsezi! Kamtengo kaja ndinakaponya pamoto. Chaka chimenecho mbali ina ya munda tinapalira tokha, ine ndi mwana wanga, mizere yoyandikana, ndipo feteleza wachiwiri sanakwane. Nkhokwe yathu inaonetsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi tulo ndi matenda ofunika thandizo. Si mwana aliyense wosewera amene akudwala ayi, ambiri amasewera n'kubwerera kwawo bwinobwino. Koma tikaona mwana wayamba kunama, kuba ndi kujomba, tisathamangire ndodo yokha, tikhale naye pansi. Ndipo za njuga, lamulo la dziko lathu silimulola mwana wosakwana zaka 18, ndipo boma lili ndi ofesi yoyang'anira zimenezi, Inspecção Geral de Jogos. Kuika bonanza m'chipinda chodzaza ana a pulaimale ndi kulakwa, ngakhale titazolowera kuona.

Ena mwa inu mwezi watha munati tipemphe amfumu atseke tinyumba tonse. Ine ndikuti tiganize kawiri. A ku Marshfield anatseka zaka 32, magemu n'kulowera pazenera. Ifenso tikatseka, mwana adzabwereka foni ya mkulu wake n'kukabisala kudimba, kumene palibe diso la munthu. Kanyumba ka pamsika kali poyera, tikhoza kulowamo, tikhoza kuyankhula ndi mwini wake. Ndiponso anyamata amene akupezamo sopo ndi ana athu omwe. Choncho maganizo anga ndi awa, kalabu iwaone.

Choyamba, tipemphe amfumu ndi akuluakulu a msika kuti aitane eni tinyumba tonse, tigwirizane kuti m'chipinda cholowa ana musakhale bonanza. Gemu payokha, njuga payokha.

Chachiwiri, mwana wa sukulu asaloledwe nthawi ya maphunziro. Popeza ena amalowa m'mawa ena masana, aphunzitsi atithandize kupereka nthawi zake kwa eni tinyumba. Dzuwa likalowa, ana onse kwawo.

Chachitatu, mtengo ulembedwe pakhoma, ndipo mwana asakongozedwe kapena kulandiridwa chinthu cha m'nyumba m'malo mwa ndalama, kaya ndi mazira, kaya nyemba, kaya mbale ya chimanga. Mwana akabwera ndi ndalama yapepala yaikulu, mwini kanyumba afunse kumene yachokera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachinayi ndi cha ife abambo. Tisanafufuze m'thumba la mwana, tifufuze m'foni mwathu. Nyengo yogulitsa fodya ndi mbatata ikafika, ndalama tiziwerengera limodzi ndi amayi, ya feteleza ipatulidwe tsiku lomwelo. Ine ndinachotsa kandege m'foni mwanga mwana wanga akuona, ndipo nambala yachinsinsi ya ndalama tsopano tikuidziwa awiri.

Chachisanu, tipemphe wailesi yathu itipatse pulogalamu imodzi pa nkhaniyi. Tisakayankhule tokha akuluakulu. Tiitane mwini kanyumba mmodzi, mphunzitsi mmodzi, mayi mmodzi, ndi ana awiri amene makolo awo avomera, mayina awo osatchulidwa. Ine ndadzipereka kukafotokoza za chitini changa, manyazi ndawasiya pano.

Mnyamata uja wa kumsika bokosi la pakona analibweza kwa eni ake, ngakhale kuti phindu lake latsika. Loweruka masana, tikaweruka kumunda, ndimamupatsa mwana wanga ndalama ya gemu ziwiri kuchokera m'dzanja langa, ndipo nthawi zina ndimapita naye. Wandigoletsa kale zigoli zosawerengeka, zala zangazi zinazolowera mpini. Koma tikabwerera kunyumba ndimamukhazika pa bawo, ndipo pamenepo mwini wake ndine.

Atcheyamani, nthawi yanga yatha. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga aimirire, tithandizane, pakuti mutu umodzi susenza denga.